Chilembo Cholakwika cha a Chadzunda

Tabita anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ali ndi mwana wa zaka zisanu dzina lake Lonjezo. Anasiyira Fomu 2 atatenga pathupi, masiku amene mtsikana akapezeka ndi mimba ankangomuuza kuti atole makope ake azipita, osadzapondanso pasukulu. Lamulolo litasintha, dziko litalowanso m'zipani zambiri, anamva pa wailesi kuti amayi ngati iye angathe kubwerera m'kalasi. Anazengereza zaka ziwiri. Mu 1996 analimba mtima nakalembetsa pa sekondale yoyendera imene inali kuseri kwa tchalitchi cha mishoni, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchokera pa esiteti ya fodya ya cha ku Nachisaka, pamene iye ndi mwamuna wake Enoki anali matenanti.

Enoki anali wa ku Phalombe, munthu wosalankhulalankhula. Sanamuletse, sanamulimbikitsenso. Anangoti, "Pitani, amake Lonjezo. Bola fodya asaolere m'munda." Choncho Tabita ankalawira kusukulu, masana n'kubwerera kudzakhala m'chigafa choumitsira fodya ndi singano, kusoka fodya mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Anabwereza Fomu 2, anakhoza mayeso, chaka chotsatira analowa Fomu 3.

Amene ankaphunzitsa bayoloje anali a Yeremiya Chadzunda, bambo wa imvi, wamtali, woyenda chowerama ngati akufunafuna chinthu pansi. Anthu a m'deralo ankawadziwa ngati mlimi wa mtedza. Ochepa okha ndiwo ankakumbukira kuti anaphunzira mpaka kuyunivesite ndipo ankagwira ntchito yofufuza za mbewu mumzinda. Anawachotsa ntchito nthawi ya chipani chimodzi chifukwa cha funso limene anafunsa pamsonkhano, ndipo anabwerera kwawo, m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, n'kukhala chete zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukuluyo itasowa mphunzitsi wa sayansi, a hedi, mayi Modesta Kamzimbi, anapita okha kukawapeza kumunda. Anawalemba monga wongogwirizira, popeza pepala la uphunzitsi analibe.

A Chadzunda ankawatchula ophunzira onse kuti "iwe". Tabita yekha ankamuti "inu", chifukwa anali mayi wa pabanja pake.

Labotale panalibe. Buku la bayoloje lomveka linali limodzi, la a Chadzunda eni ake, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Tsiku lina mu Febuluwale, mvula ikusokosa pa malata, analowa m'kalasi atanyamula mbale zinayi: ya chimanga, ya nyemba, ya mtedza ndi ya nzama. Anauza ophunzira kuti akankhire madesiki kumbali.

"Izi mwina pa mayeso sizibwera," anatero. "Koma sindingalole kuti muchoke pano osadziwa mmene thupi lanu limadzipangira zinthu zake."

Anagwada pa simenti nayamba kundandalika mbewu pamzere umodzi. Anafotokoza kuti minofu, tsitsi, ngakhale chimene chimafiiritsa magazi, zonsezi ndi mapuloteni, ndipo selo iliyonse imapanga mapuloteni potsatira kalata yochokera mu DNA. Kalatayo ili ndi zilembo zinayi zokha: A, U, G ndi C. Chimanga chinaimira A, nyemba U, mtedza G, nzama C.

"Selo siwerenga chilembo chimodzichimodzi," anapitiriza, akupatula mbewu zitatuzitatu ndi chala. "Imawerenga zitatu pakamodzi. Zitatu zimenezo ndi liwu limodzi, dzina lake kodoni. Kodoni iliyonse imaitana kachidutswa kake ka puloteni, kamene timati amino asidi. Ndiye muli kamakina mu selo, raibosomu, kamene kamayenda pa kalatayo. Kakawerenga liwu, kachidutswa kabwera, kalumikiza. Kawerenga lina, kalumikiza. Unyolo ukungotalika."

Anaimirira, mawondo akulira, nalemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: UAA, UAG, UGA.

"Makodoni onse alipo 64. Koma atatu awa saitana kanthu. Raibosomu ikafika pa limodzi la amenewa, palibe amino asidi amene amabwera. M'malo mwake mumalowa kapuloteni kena kamene ntchito yake n'kudula unyolo uja. Unyolo umamasuka, umapita kukagwira ntchito yake, raibosomu n'kuchoka pa kalata. Awa ndiwo makodoni oimitsa."

Tabita, amene ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, anakweza mkono. Sanali wofunsafunsa.

"Aphunzitsi, ndiye kuti zili ngati kusoka fodya? Timalowetsa tsamba, lina, lina, chingwe chikadzaza timamanga mfundo n'kudula, ndiye kupachika pa mkangala. Ukapanda kudula sungapachike."

Anyamata ena anaseka. Ambiri anali ana a alimi a minda yawoyawo ozungulira mishoni, ndipo matenanti ankawaonera m'munsi.

"Chikukusekesani n'chiyani?" anafunsa a Chadzunda osakweza mawu. "Anena bwino kuposa buku langa. Koma a Tabita, kusiyana kulipo kumodzi, mukusunge. Inu mumaona ndi maso kuti chingwe chadzaza. Raibosomu ilibe maso. Siyesa kutalika kwa unyolo. Imalekeza pamene yawerenga limodzi la mawu atatuwa, kaya ndi koyambirira, kaya ndi kumapeto. Ikalipeza, basi."

Asanatuluke anakopera pabolodi tchati cha makodoni onse, ndi ntchito yokachitira kunyumba: mzere wa makodoni asanu ndi anayi, aliyense akapeze puloteni imene ingatuluke. Tabita anakopera mosamala: AUG GCU AAA UUU UAG GGC CAU GUA UAA.

Masana a tsikulo anakhala m'chigafa, kope pa bondo, fodya wosokedwa akudontha madzi pamwamba pake. Kodoni yoyamba anaipeza pa tchati nalemba dzina la amino asidi wake. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Atafika pa yachisanu anaima. UAG. Anayang'ana pa tchati, anayang'ananso mzere uja. Kutsogolo kunali makodoni ena anayi, ndipo womaliza anali UAA, woimitsa wodziwikiratu. Zinkaoneka kuti aphunzitsi ankafuna kuti munthu ayende mpaka kumeneko. Anagwira cholembera kanthawi. Kenako analemba mayina anayi okha, nalemba mzere kunsi kwake, natseka kope n'kutola singano.

Makope atabwerera Lachinayi, la Tabita linali ndi mtanda wofiira ndi mawu akuti, "Simunamalize." Anasuzumira kope la mnzake wokhala naye, Sara. Linali ndi mayina asanu ndi atatu, ndi chongi wamkulu. Makope onse anali choncho.

"Pa chachisanu paja walemba chiyani?" ananong'ona Tabita.

"Ndinangosintha G kukhala C," anayankha Sara. "Ndiye zinayenda mpaka kumapeto. Enanso anapanga choncho."

Tabita anaganiza zokafunsa aphunzitsi pawokha nthawi yopuma. Mpata sunapezeke, chifukwa m'mawa womwewo galimoto yodzola matope mpaka m'magalasi inaima pansi pa mtengo wa mbawa. Munatuluka woyendera sukulu, bambo wa suti yotuwa ndi chikwama chachikopa, amene anakhala akulephera kufika kwa milungu itatu chifukwa cha msewu. Aliyense ankadziwa chimene anabwerera. Lipoti lake ndilo linali kudzanena ngati aphunzitsi ongogwirizira apitirize kapena achoke. Mayi Modesta anamulowetsa m'kalasi la Fomu 3, namuikira mpando kumbuyo, pafupi ndi desiki la Tabita, iwo n'kuima pakhomo.

A Chadzunda sanasinthe phunziro chifukwa cha mlendo. Mzere wa makodoni uja unali ukadali pakona ya bolodi, popeza anali atalembapo kuti pasafufutidwe. Anati ayambe ndi kukonza ntchito ya kunyumba.

"Nonse mwakhoza kupatula munthu mmodzi," anatero. "Ndipo munthu ameneyo ndi amene ndimayembekeza kuti akhoza poyamba. A Tabita, munatopa ndi fodya? Bwanji munalekeza pa chachinayi?"

Anafunsa mokoma mtima. Tabita akanatha kunena kuti nthawi inamuthera, nkhani n'kuthera pomwepo. Woyendera sukulu anali atatsegula kale kabuku kake. Tabita anaimirira pang'onopang'ono, manja atagwira desiki.

"Pepani, aphunzitsi. Sindinatope ayi. Ndinalekeza chifukwa kodoni yachisanu ndi UAG. Munati raibosomu ilibe maso, ikalipeza liwu limeneli imalekeza, kaya ndi pati."

Sara anamukoka siketi kuti akhale pansi. Pakhomo paja mayi Modesta anatsitsa maso.

A Chadzunda anatembenukira kubolodi. Anayandikira mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kukhudza choko. Anatsinzina, anatsegula, analoza ndi chala chilembo chimodzichimodzi. Kenako anatsegula pepala lawo la mayankho, naliyandikizanso kumaso. Anaima choncho nthawi yaitali ndithu, ophunzira akungoona msana wawo.

Atatembenuka, nkhope yawo inali ikumwetulira.

"Ndalakwa ndine," anatero momveka bwino, kuti ndi wakumbuyo yemwe amve. "Pa pepala langa pali UAC. Pabolodi ndinalemba UAG. A Tabita okha ndiwo akhoza. Ena nonse mwalakwa, ndipo ine amene ndinakuchongani ndalakwa kawiri. Bweretsani kope lanu, mayi."

Tabita anapita nalo kutsogolo. A Chadzunda anafufuta mtanda uja pamaso pa onse, nachonga, nasayina dzina lawo m'mbali. Kenako anayang'ana kalasi.

"Ndani wina anaona kuti pali UAG? Musaope, kwezani mkono."

Poyamba palibe anagwedezeka. Kenako Sara anakweza, ndi ena asanu ndi mmodzi pambuyo pake.

"Ndiye munatani?"

"Tinaganiza kuti aphunzitsi sangalakwe," anayankha mnyamata wina kutsogolo. "Tinati mwina ndife sitinaone bwino."

"Ine ndinati ndikanena mudzakwiya," anawonjezera Sara.

A Chadzunda anagwedeza mutu. Sanawadzudzule. Anangoti, "Ine ndinakulira m'nthawi imene munthu ukaona cholakwika unkasintha maso ako, osati cholakwikacho. Sindikufuna kuti zimenezo muziphunzire m'kalasi langa." Anasiya pomwepo, natola choko.

Chilembo cholakwika chija sanachifufute. Anachizunguliza ndi choko, nalemba UAC pamwamba pake.

"Tsopano tamverani, chifukwa dzanja langa lakuphunzitsani chinthu chimene ndimati ndidzakuuzeni chaka chamawa. Chilembo chimodzi chasintha. C wasanduka G. Kodoni imene inkaitana amino asidi yasanduka yoimitsa. Puloteni imene inayenera kukhala ndi tizidutswa tisanu ndi titatu yatuluka ndi tinayi. Kodi ingagwire ntchito?"

"Ayi!" anayankha onse.

"Zimene ndachita ine pabolodi zimachitikanso m'thupi. Selo ikamakopera DNA yake nthawi zina imaphonya chilembo. Kawirikawiri imadzikonza yokha. Koma zikapanda kukonzeka, ndipo kuphonyako kukabala kodoni yoimitsa pakati pa kalata, puloteni imatuluka yodukira panjira. Alipo matenda ena a magazi, ena ofoola minofu, amene mwana amabadwa nawo chifukwa cha chimenechi. Palibe amene wamulodza. Mayi ake sanalakwe, bambo ake sanalakwe. Ndi chilembo chimodzi pakati pa zilembo zosawerengeka."

Kenako anafunsa funso lotembenuza: nanga UAA wa kumapeto uja atasintha n'kukhala kodoni wamba, chingachitike n'chiyani? Mikono inakwera yambiri kuposa masiku onse. Wina anati selo iphulika. Wina anati raibosomu itopa. Sara ndiye anati ipitirira kulumikiza mpaka itapeza woimitsa wina kutsogolo, ndipo puloteni idzatalika kuposa muyeso. A Chadzunda anaomba m'manja kamodzi. Belu linalira, koma palibe anadzuka mpaka iwo atamaliza. Woyendera sukulu analemba masamba awiri, natseka kabuku kake, natuluka.

Panja nkhani inali ina. Anyamata a Fomu 4 anamva kale kuti mayi wa pa esiteti wachititsa manyazi aphunzitsi pamaso pa bwana. "Akawachotsa ntchito mudzatiphunzitsa ndinu?" anamufunsa wina akudutsa. Tabita anayenda yekha ulendo wonse wa kunyumba.

Anapeza Enoki akupachika fodya m'chigafa, namufotokozera zonse. Enoki anatsika pa mtanda wa chigafacho, napukuta manja pa buluku.

"Ndiye munali olondola?"

"Ndinali wolondola."

"Hmm." Anaganiza kanthawi. "Ine kapitawo akalakwitsa ndimangoti inde bwana. Koma a Chadzunda si kapitawo. Komabe mawa mupite mukawaone. Munthu wamkulu amatha kuseka pagulu, mtima ukumupweteka."

M'mawa mwake Tabita anafika ophunzira ena asanabwere. Anapeza a Chadzunda ali pakhonde la ofesi, akusankha nzama zosakanizika ndi mtedza. Anagwada chapatali.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapepesa za dzulo."

"Mupepese chiyani? Khalani pa benchipo, simenti ikuzizira." Anadikira mpaka atakhala. "Kunena zoona, zinandilasa. Pamene ndinaima chofulatira paja, ndinaganiza zonena kuti ndinachitira dala kuti ndikuyeseni. Mawu ake anafika pakamwa. Mukanakhulupirira nonse, ndi bwana uja yemwe."

"Nanga bwanji simunatero?"

"Chifukwa inu mukanadziwa kuti ndi bodza. Mtanda wofiira unali m'kope lanu."

Kenako Tabita ananena chimene chinkamuvuta kuyambira dzulo lake. "Aphunzitsi, mundikhululukire. Ndinaona mmene munayandikirira bolodi. Amayi anga anayamba choncho."

A Chadzunda anasiya kusankha nzama. Anavomera kuti kwa chaka chathunthu ankaona ngati pali nkhungu, makamaka diso la kumanzere, ndipo sanauze munthu poopa kuti mayi Modesta angawapumitse. Tabita anawauza kuti amayi ake anawachotsa ng'ala kuchipatala, ndipo tsopano amalowetsa okha ulusi pa singano. Iwo anamvetsera ngati mwana wa sukulu.

Asanalowe m'kalasi anamupatsa buku lawo lokutidwa ndi pepala la simenti lija. "Muzipita nalo Lachisanu, muzibwera nalo Lolemba. Musaliike pafupi ndi fodya wamuwisi."

Kuyambira sabata imeneyo phunziro la bayoloje linasintha. A Chadzunda akamaliza kulemba pabolodi ankabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Ndifufuzeni." Poyamba ankayankha ndi Tabita yekha. Pofika nthawi yokolola, ngakhale anyamata amene ankaseka aja ankalimbirana kupeza cholakwika, ndipo tsiku lina anakangana ndi aphunzitsi awo theka la ola pa nkhani ya mitsempha ya mtima, mpaka buku linagamula kuti olondola anali aphunzitsi. A Chadzunda anatuluka m'kalasi tsiku limenelo akuimba mluzu.

Lipoti la woyendera sukulu linafika mu Meyi. Mayi Modesta anawerenga ndime imodzi yokha pamzere wa m'mawa. Inati mphunzitsi wa bayoloje analakwitsa pabolodi, anavomera pamaso pa ophunzira, ndipo pa cholakwacho anaphunzitsa phunziro labwino koposa onse amene woyenderayo anaona chaka chimenecho. Inapempha kuti apitirize, ndiponso kuti athandizidwe kukaonetsa maso. Ophunzira anaomba m'manja, a Chadzunda akungoyang'ana nsapato zawo. Patchuthi anapita kuchipatala, nabwerera ndi magalasi okhuthala ndi diso limodzi lowala bwino.

Tabita analemba mayeso a Fomu 4 kumapeto kwa 1998. Pa makodoni sipanabwere funso ngakhale limodzi. Anakhoza bwino, bayoloje koposa zonse, ndipo chaka chotsatira anamuitana ku Lilongwe kukaphunzira ntchito yoyeza magazi m'chipatala. A Chadzunda ndiwo anamulembera kalata yomuchitira umboni. Anailemba ndi dzanja, masamba awiri, ndipo anakana kuti aiwerenge.

Kalata yomuitana itafika, panabuka funso la Lonjezo, amene anali atayamba Sitandade 2. Amayi ake a Tabita anati mwana apite kwa iwo. Enoki anakana.

"Mwana akhala ndi ine," anatero. "Kuphika ndimatha, kuchapa ndimatha. Chimene sinditha ndi kumuthandiza za kusukulu, koma ndayamba kale. A Chadzunda amatiphunzitsa kuwerenga Loweruka masana pansi pa mbawa paja, ine ndi anzanga anayi a pa esiteti."

Tabita anamuyang'ana. "Kuyambira liti?"

"Kuyambira Juni. Ndimati ndikuuzeni ndikadzatha kulemba kalata."

Tsiku lonyamuka anayenda atatu mpaka pamsewu waukulu, Enoki atasenza sutikesi, Lonjezo akuthamangira kutsogolo. Matola anabwera atadzaza matumba a mtedza, ndipo Tabita anakhala pamwamba pake, miyendo ikulendewera. Patatha milungu itatu, ali ku Lilongwe, anamuitana ku ofesi kuti kwabwera kalata yake. Inali ya mizere isanu, zilembo zikuluzikulu zopendama. Inati Lonjezo ali bwino, nkhuku yaswa anapiye asanu ndi awiri, ndipo nazale ya fodya yamera.